Nthanga Khumi ndi Imodzi za Yamna

Mkazi wanga Yamna ankasunga nthanga zake m'kachitini ka tiyi, pamwamba pa kabati ya kukhitchini. Chaka chimene anamwalira sindinakatsegule. Chaka chotsatira ndinangokapukuta fumbi n'kukabwezera. Ndinadzakatsegula m'mwezi wa Malichi wa chaka chachitatu, tsiku lina m'mawa ndikufuna tiyi, nditatsitsa chitini cholakwika.

Munali kansalu komanga mfundo. Nthanga zambiri zinali zitafumbwa, patangotsala makoko. Zabwino zinali khumi ndi imodzi. Ndinaziwerenga kawiri, chifukwa ndinaphunzitsa masamu kusekondale ya kuno ku Taroudant zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo dzanja langa silikhulupirira chinthu chimene lawerenga kamodzi.

Zinali nthanga za fegusi, nkhaka zazitali zopindika zija zamizeremizere. Fegusi ali pamsika uliwonse, koma wa Yamna anachokera kwa mayi ake, kumudzi wa kumtunda kwa mtsinje kumene zitsime zinauma anthu n'kusamukira ku Agadir. Kumeneko sikulimidwanso kanthu. Yamna ankati wake sawawa ngakhale dzuwa la Ogasiti limuwombe bwanji, ndipo chaka chilichonse ankasiya chipatso chimodzi kuti chikhwime mpaka chachikasu, n'kusunga nthanga zake. Ine ndinadya fegusi ameneyo moyo wanga wonse wa m'banja osafunsa kanthu. Tsopano ndinali nditagwira m'manja zonse zimene zinatsala za mbewuyo padziko, zitagona zaka zitatu. Ndinadziwa kuti zikagonanso chaka china sizidzamera.

Dimba lathu lili kuseri kwa nyumba, mamita asanu m'litali, anayi m'lifupi, ndi mtengo umodzi wa mandimu pakona. Dothi linali litauma gwa. Ndinakumbukira kuti Yamna ankatenga ndowe za hatchi kwa a Mbarek, oyendetsa ngolo amene amaima pachipata cha linga la mzinda kudikirira okwera. Ndinavala jekete n'kupita kukhola kwawo.

Ndinawapeza akupesa hatchi yawo yofiirira, Hamra. A Mbarek ndi munthu wa msinkhu wanga, wamfupi, wa dzino limodzi lagolide, ndipo salankhula motsitsa mawu ngakhale mumzikiti.

"Aphunzitsi! Mudakali moyo? Ine ndimayesa munasamukira kwa mwana wanu ku Casablanca."

"Ndilipo, a Mbarek. Ndikufuna manyowa."

"Manyowa! Hamra, wamva? Aphunzitsi abwera kudzapempha ntchito ya manja ako." Anamenya hatchiyo pathako. "Malemu Mayi, Mulungu awachitire chifundo, ankatenga mu Okutobala. Za tsiku lomwelo, zonyowa, ndi udzu wake womwe. Inu mwabwera mu Malichi."

"Ndikufuna kudzala sabata ino. Zatsopano zingawotche mizu, zimenezo ndikudziwa."

Kuseri kwa khola ndinaona mulu wakale, wotuwa, wouma ngati utuchi. Ndinatola pang'ono n'kufikisa m'manja. Sizinanunkhe kanthu.

"Awa ndi a liti?"

"A chilimwe chatha. Koma amenewo angouma, Aphunzitsi. Sanapse."

"Miyezi isanu ndi itatu yakwana."

A Mbarek anandiyang'ana, kenako anayang'ana hatchi yawo ngati akufunsana nayo.

"Chabwino. Amene anapita kusukulu ndinu."

Madzulo ake anabweretsa matumba anayi pangolo. Ndinawathira pabedi, ndinatembenuza ndi khasu, ndinabowola timaenje ndi chala n'kuika nthanga imodziimodzi. Sindinaike chizindikiro chilichonse. Ndinkaganiza kuti chomera pamenepo n'chimodzi basi. Ndinathirira ndi payipi mpaka bedi lonse linasanduka thope, madzi akuyenda uku ndi uku.

Patapita masiku asanu ndi limodzi ndinaona timasamba tiwiri toyamba. Tsiku lotsatira panali mbande zisanu ndi zinayi. Ndinakhala pampando wa Yamna pansi pa mandimu ndi tiyi wanga, ndipo ndivomere kuti ndinakondwa. Lachisanu zinali makumi awiri. Lolemba ndinawerenga makumi anayi ndi zitatu, zonse zofanana, timasamba tiwiritiwiri tosalala, zina zitamera zitatu pamalo amodzi, zina m'mphepete mwa khoma kumene sindinabowole dzenje. Ndinawerenganso. Ndinalowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

A Mbarek anabwera Lachitatu kudzatenga matumba awo. Ndinawalowetsa kudimba. Anaima, manja m'chiuno.

"Munadzala zingati?"

"Khumi ndi imodzi."

"Zamera zingati?"

"Makumi anayi ndi zitatu."

Anaseka mpaka kugwira khoma. "Ndiye masamu amene munkaphunzitsa ana athu ndi amenewa? N'chifukwa chake mwana wanga anathera ku galaja."

"Ndiuzeni chachitika."

"Chachitika ndi Hamra. Chilimwe chonse ndimamutolera mavwende achikasu otsala pamsika, ophwanyika, oyamba kuwola. Amadya ngati mkwatibwi. Nthanga zina zimagwera mu udzu, zina zimalowa uku n'kutulukira uko zili zamoyo. Hatchi si ng'ombe, Aphunzitsi, sibwereza kutafuna. Mulu ukapanda kutentha, zonse zimangogona mmenemo kudikirira munthu wophunzira adzazithirire."

Anagwada n'kuyang'anitsitsa mbande ziwiri zoyandikana. Kuseka kunawathera.

"Izi ndi za malemu Mayi zija?"

"Zomaliza."

"Palibe zina?"

"Palibe."

Anadzuka. Kenako anati vwende lachikasu ndi fegusi ndi pachibale, pa msinkhu umenewu ngakhale mayi wozibereka sangazisiyanitse. Masamba adzafanana, kuyanga kudzafanana. Zimenezo zinandikumbutsa chinthu china. Yamna sankalola vwende m'dimba mwake. Chaka china ndinalavulira nthanga pabedi tikudya panja, iye anazitola imodziimodzi. Anati njuchi zikasakaniza mungu, nthanga za chaka chimenecho zimabala chinthu chonenepa, chozuna pang'ono, chosakhala vwende chosakhala fegusi, ndipo mbewuyo yapita basi.

"Ndiye ndizule ziti?" ndinafunsa.

"Musazule. Dikirani maluwa. Duwa lachikazi limabwera ndi kamwana kumbuyo kwake lisanatseguke. Kakakhala kozungulira, ndi ka Hamra. Kakakhala kakatali ngati chala, ndi ka Mayi."

"Bedi ili silingasunge mbewu makumi anayi."

"Silingasunge. Zina zifa zokha." Anapinda matumba awo. "Komanso mwina za Mayi sizinamere n'komwe. Zaka zitatu si masewera. Ndikungonena kuti mudziwe."

Pachitseko anatembenuka. "Loweruka ndikubweretserani zatsopano. Muunjike mulu weniweni, ngati mmene ankachitira eni dimba. Mukapanda kutero chaka chamawa mudzakolola balere amene Hamra amadya."

Anabweretsadi, matumba asanu ndi limodzi onyowa, akudontha, fungo lake lolasa m'maso. Anandiimirira ngati kapitawo. Pansi tinayala mapesi ndi timitengo kuti mpweya uzilowa. Kenako ndowe, kenako masamba ouma a mandimu ndi udzu, kenako madzi, n'kuyambiranso, mpaka mulu unafika m'chiuno. Anati ndikafinya m'dzanja pazituluka dontho limodzi kapena awiri, osati mtsinje. Pamwamba tinafunditsa matumba akale kuti dzuwa lisaumitse.

"Chitsulo chija chili kuti?"

"Chitsulo chanji?"

"Cha Mayi. Chachitali, chopinda kumutu. Ndinawapatsa ndine, chinachoka pangolo yanga yakale."

Ndinachipeza kuseri kwa chitseko cha kudimba. Ndinali nditachiona tsiku lililonse kwa zaka zambiri, ndinkayesa n'chotsekera chitseko mphepo ikamawomba. A Mbarek anachibaya pakati pa mulu mpaka kumutu.

"M'mawa uliwonse muzichizula n'kugwira. Chikamakuwotchani, zili bwino, nthanga zonse zikupsa mmenemo. Chikayamba kuzizira, tembenuzani, zakunja zilowe m'kati, thirani madzi. Mukatembenuza katatu kanayi chitsulo n'kukana kutenthanso, apsa. Osati kuwerenga miyezi pakalendala."

Tsiku lachitatu ndinazula chitsulocho m'mawa kukuzizira, chinatuluka ndi nthunzi. Sindinathe kuchigwira nthawi yaitali. Ndinakumbukira kuti m'miyezi yozizira Yamna ankalowa kuchokera kudimba n'kundigwira patsaya ndi dzanja lofunda ndikuwerenga nyuzipepala, ine n'kumati akasambe kaye m'manja. Sindinafunsepo kuti dzanjalo lafunda ndi chiyani. Ndinabwezera chitsulo pamalo pake n'kukaphika tiyi.

Masiku anga anakhala otere. Ndikachoka kumzikiti m'mawa, chitsulo, kenako bedi. Ndinazika bango m'mbali n'kumanga zingwe mpaka pamwamba pa khoma kuti mbewu zikwere m'malo mopanikizana pansi. Komabe zinapanikizana. Zamphamvu zinaphimba zofooka, zofooka zinachita chikasu n'kugwa. Iliyonse yakufa ndinkaitola n'kuiyang'ana mizu, ngati mizu ingandiuze kanthu. Ndinkaganiza kuti nthanga yogona zaka zitatu ndiyo ingabale mbewu yofooka, choncho zimene zikufazo mwina ndi zimene ndikuzifuna. Ndinayamba kudula masamba a zamphamvu kuti zing'onozing'ono zione dzuwa. Pofika kumapeto kwa Epulo zinatsala makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ndinazimangirira timapepala ta manambala, chinthu chimene ndikanachita tsiku loyamba.

Mwana wanga Souad amaimba foni Lamlungu lililonse. Ndinamufotokozera mwachidule.

"Ababa, fegusi? Ndikutumizireni paketi ya nthanga, m'sitolo zilimo."

"Si zomwezo."

"Ndikudziwa kuti si zomwezo. Koma mukukhalira kuweramira manyi a hatchi pa msinkhu wanuwo? Chipinda chanu kuno chikungokhala. Ana amafunsa."

"Ndibwera zikatha izi."

"Chaka chatha munati mubwera denga likakonzedwa."

"Linakonzedwa."

"Ndiye?"

Sanakakamize. Anafunsa ngati ndikumwa mankhwala, ndinati eya. Souad anatengera ine. Tikafika pamene pakufunika mawu ambiri, tonse awiri timafunsa za mankhwala.

Maluwa achimuna anayamba mu Meyi, ang'onoang'ono achikasu, ambirimbiri, ndipo njuchi zinabwera. Achikazi anachedwa sabata ina. Loyamba ndinalipeza pa nambala 7, mbewu yamphamvu kuposa zonse, imene inali itafika kale pamwamba pa khoma. Ndinavala magalasi. Kumbuyo kwa duwa kunali kampira kaubweya, kozungulira ngati nsawawa. Ndinaizula ndi mizu yomwe n'kuiponya pamulu. Tsiku lomwelo ndinazulanso 12 ndi 3.

Sabata imeneyo ndinazula khumi ndi zinayi. Ntchito yake inali yosavuta, ndipo bedi linayamba kupuma. Koma madzulo ndikakhala pansi pa mandimu ndinkawerenga zotsala, ndipo munthu wa masamu safunika kuuzidwa kumene nambala zikulowera. Ndinatembenuza mulu kachiwiri. Mavwende a Hamra amene ndinaponyamo poyamba anali atasanduka ulusi wakuda.

A Mbarek ankadutsa nthawi zina akatsitsa okwera pafupi. Sankagogoda, ankangokuwa ali pangolo.

"Aphunzitsi! Zigoli zili bwanji?"

"Hamra makumi awiri. Ife zilo."

"Timu yanu ilibe kochi!"

Tsiku lina analowa, anamwa tiyi ataimirira, n'kunena kuti ndathira shuga wochepa ngati wa kuchipatala. Anazula chitsulo, anagwira, anagwedeza mutu movomereza. Anasuzumira pabedi. Zinali zitatsala zisanu.

Nambala 19 inali m'mphepete mwa khoma, kuseri kwa thunthu la mandimu, pamalo pamene sindinabowole dzenje. Inali yowonda, masamba ake ochepa, ndipo kawiri konse ndinali nditatsala pang'ono kuizula poyesa kuti yafa. Lachinayi lina madzulo, dzuwa likadali pakhoma, ndinatukula tsamba n'kuona kanthu kobiriwira motuwa, kakatali ngati chala changa chaching'ono, kopindika pang'ono, ndi duwa lotseka kunsonga kwake. Ndinavula magalasi, ndinawapukuta, ndinavalanso. Kenako ndinavala jekete n'kupita kuchipata cha linga.

A Mbarek anali pamzere wa ngolo, akudya mtedza.

"Kakatali," ndinatero.

Anatsika osafunsa zambiri, anauza mnzawo wa kumbuyo kuti awaonere Hamra, tinayenda wapansi. Kudimba anagwada, bondo likulira.

"Ndi iyeyu. Taonani mizere yayamba kale." Anadzuka. "Duwali litseguka mawa m'mawa. Njuchi zimadzuka inu musanabwere kumzikiti, ndipo zinayi zotsalazi zili ndi maluwa achimuna. Mwina ndi za Hamra."

"Mwinanso ndi za Yamna."

Aka kanali koyamba kutchula dzina lake pamaso pa munthu kuchokera pa maliro. A Mbarek anachita ngati sanamve.

"Ndiye musazule. Mumange. Mayi ankatero chaka chimene a nyumba iyo anadzala mavwende padenga. Tengani ulusi, mumange kunsonga kwa duwa lachikazi kuti lisatseguke. Mumangenso lachimuna limodzi la pa mbewu yomweyi. Mawa mumasule, muthothole lachimuna, mulisende, mukhudzitse pakati pa lachikazi, n'kumanganso. Ukwati wa pakhomo, wopanda alendo."

"Mungandimangire?"

Anandionetsa manja awo, zala zonenepa zong'ambika ndi zingwe. "Izi? Izi n'zomangira hatchi. Inu ndi amene munagwira choko."

Ulusi unali m'bokosi la zosokera la Yamna, m'chipinda chimene sindilowamo kawirikawiri. Singano ina inali ikadali ndi ulusi wofiira, utali wa mkono, wotsala pa chinthu chimene ankasoka. Ndinasolola umenewo.

Ndinamanga lachimuna bwinobwino. Pa lachikazi ndinakoka mfundo mopitirira, ulusi unadula duwa. Linagwera pa manyowa, kamwana kaja katatsala pampesa kopanda mutu. 

"Libwera lina," anatero a Mbarek. "Ikayamba sisiya."

"Mbewu yake ndi yofooka."

"Ndiye ipatseni chakudya. Mulu wanu wafika pati?"

Unali usanapse. Chitsulo chinkatulukabe chofunda. Ndinafuna kutapa pansi pake pamene panayamba kuda, a Mbarek anandigwira mkono.

"Mwayambanso? Kuthamanga kwanu n'kumene kwatifikitsa pano. Dulani nthambi ya mandimuyi ilowetse dzuwa, muzithirira m'mawa, basi."

Ndinadula nthambiyo. Pa masiku asanu ndi anayi otsatira zinayi zija zinaonetsa ana awo, zitatu zozungulira, ndinazula. Yachinayi, nambala 22, inangopitiriza maluwa achimuna osaonetsa kanthu. Ndinkayesera kumanga mfundo pa maluwa ake madzulo aliwonse, mpaka zala zinaphunzira pamene ziyenera kuima. A Mbarek sanabwere masiku amenewo. Inali nyengo ya maukwati ndipo ngolo inali yotanganidwa. Kupatula moni wa kumzikiti ndi wogulitsa buledi, sindinalankhule ndi munthu.

Duwa lachiwiri la nambala 19 linabwera tsiku lakhumi. Ndinalimanga madzulo ndi ulusi wofiira uja, mfundo imodzi yosakoka. M'mawa ndinapemphera kunyumba kuti ndisachedwe. Nditamasula, duwalo linatseguka lokha pang'onopang'ono m'manja mwanga. Ndinasenda lachimuna, ndinakhudzitsa katatu, ndinamanganso. Njuchi ina inazungulira dzanja langa, inatera pa ulusi, inapita.

Masiku atatu kamwanako sikanasinthe. Tsiku lachinayi duwa linafota, ndipo ndinayembekezera kuti nakonso kachita chikasu n'kugwa. Tsiku lachisanu ndinakayeza ndi rula yanga yakale ya kusukulu: kanali katatalika theka la sentimita. Ndinamangirira kaulusi kofiira pa phesi lake kuti ndisadzasokoneze ndi china, ndipo tsiku lomwelo ndinazula nambala 22 ndisanadziwe kuti inali ya yani. Sindinafune kuti njuchi zipeze mungu wina m'dimbamo. Mpaka lero sindikudziwa.

Fegusi amakula msanga. Pa sabata ziwiri anafika kutalika kwa mkono wanga, wopindika ngati chikwakwa, wotuwa, wa mizere yakuya. A Mbarek atamuona anaomba m'manja.

"Bweretsani mpeni ndi mchere!"

"Uyu sadyedwa. Ndi wa mbewu."

"Miyezi itatu mukugwadira chinthu chimodzi, osachilawa? Hamra akamva adzaseka."

"Muuzeni kuti wagoletsa makumi anayi, akhutire."

"Makumi anayi ndi ziwiri, Aphunzitsi. Kodi masamu aja anakuthawani zoona?"

Sindinawakonze. Zina mwa zimene zinafa zokha mu Epulo mwina sizinali za Hamra, koma zimenezo ndinazisunga mumtima.

Mbewuyo inabalanso chipatso chimodzi chokha, chaching'ono, kenako masamba anayamba kuuma kuchokera pansi. Chaching'onocho ndinachithyola chikadali chanthete. Ndinachipala monga ankachitira Yamna, ndinathira shuga pang'ono, madzi a maluwa a lalanje ndi tizitsamba touma timene ankasunga m'botolo, ndinaika mufiriji. Masana ndinakhala patebulo ndi mbale imodzi ndi sipuni imodzi. Sanali wowawa. Ndinadya pang'onopang'ono, kufunafuna ngati kukoma kwake kuli komwe kuja. Sindinathe kudziwa. Zaka zonse zija ndinkadya ndikuwerenga nyuzipepala.

Chachikulu chija chinachita chikasu mu Julayi, chinafewa, chinayamba kununkhira. Ndinachidula m'litali pa tebulo la kukhitchini, ndinakokolola nthanga ndi sipuni, ndinazitsuka m'sefa. Zoyandama ndinataya. Zomira ndinaziyanika pa nyuzipepala mumthunzi, ndipo zitauma ndinaziwerenga kawiri: zana limodzi ndi makumi asanu ndi limodzi mphambu zinayi.

Ndinazigawa patatu. Gawo limodzi ndinamanga m'kansalu kaja n'kubwezera m'chitini. Lina ndinaika mu envelopu ya Souad, ngakhale amakhala pa nyumba yachisanu m'mwamba ndipo khonde lake ndi la makina ochapira. Ndinalembapo dzina la mudzi wa agogo ake ndi chaka. Gawo lachitatu ndinapita nalo kuchipata cha linga.

A Mbarek anatsegula kapepalako n'kuyang'ana.

"Ine ndilibe dimba, Aphunzitsi. Ndili ndi hatchi."

"Sungani basi. Zisakhale nyumba imodzi."

Anapinda kapepalako mosamala n'kukalowetsa m'chipewa. "Akazi anga ali ndi matayala awiri padenga amene amadzalamo tsabola. Ndiwauza. Koma manyowa adzatenga kwa inu, a kwathu aja mukuwadziwa." Okwera awiri anafika, a Mbarek anakwera pampando woyendetsera. "Okutobala, Aphunzitsi! Zonyowa! Musadzabwerenso mu Malichi ngati mlendo!"

Ndinabwerera kunyumba kudzera mumthunzi wa linga. Kudimba bedi linali lopanda kanthu, bango ndi zingwe zokha. Ndinazula chitsulo pamulu. Chinali chozizira, monga chinalili dzulo ndi dzana, ngakhale ndinali nditatembenuza ndi kuthirira. Ndinavundukula matumba. Mulu unali utatsika kufika m'mawondo, wakuda, wofewa, wonunkhira ngati dothi la pansi pa mtengo mvula itagwa, ndipo nyongolotsi zinali zitalowamo. Panalibe chodzala mpaka Malichi. Ndinaufunditsanso, ndinapukuta chitsulo ndi nsanza n'kuchiimika kuseri kwa chitseko.

Linali Lamlungu. Foni inalira ndikusamba m'manja.